Kodi mapu ofiira a pa kompyuta amathandizadi pa mliri?

Mayi wina amene ndi namwino pa chipatala chaching'ono cha kumudzi anditumizira imelo. Akuti sabata iliyonse amadzaza fomu ya matenda opatsirana n'kutumiza kuboma, ndipo amangomva kuti manambalawo amakasanduka magirafu ndi mapu. Akufunsa ngati zithunzizo zimathandizadi posankha chochita, kapena n'zongokometsera misonkhano ya mabwana.

Zimathandiza mayi, koma pokhapokha woziyang'anayo ali ndi funso m'mutu komanso mphamvu yotumiza galimoto, klorini ndi madiripi. Akasowa zimenezo, mapu ndi chokongoletsa khoma basi.

Manambala anuwo amalowa mu DHIS2, pulogalamu yopangidwa ku University of Oslo ku Norway, yomwe Unduna wa Zaumoyo umasungiramo malipoti a zipatala. Fomu ya sabata ndi sabatayo ndi ya ndondomeko yolondolera matenda ndi kuchitapo kanthu yotchedwa IDSR, imene mayiko a mu Africa anagwirizana kudzera ku WHO mu 1998.

Kumbukirani kolera ya 2022. Inayambira ku Machinga mu March, namondwe Ana atangosokoneza zitsime ndi zimbudzi kummwera. Tonse tinazolowera kuti kolera ndi ya dzinja, mvula ikakata nayonso imazilala. Chaka chimenecho sizinatero: m'chilimwe inakolera ku Nkhata Bay ndi maboma ena a m'mphepete mwa nyanja, kenako n'kufalikira dziko lonse. Namwino wa pa chipatala chimodzi amangoona odwala ake okha. Koma malipoti a maboma onse akaikidwa pa girafu imodzi, mzere umene unayenera kutsika ukuoneka ukukwera, ndipo mapu akusonyeza kumene matenda akulowera. Apo ndiye mumadziwa kokamanga matenti ndi koyambira katemera.

Mliriwo unadwalitsa anthu oposa 58,000, oposa 1,700 n'kumwalira. Ndiye kuti pafupifupi atatu mwa odwala 100 aliwonse, pamene WHO imati chithandizo chikakhala chabwino imfa siziyenera kufika mmodzi mwa 100. Kwa ine nambala iyi ndi yolankhula kuposa chiwerengero cha odwala. Ikajambulidwa boma ndi boma, imaloza kumene anthu akufika mochedwa atafooka kale, kapena kumene madzi a Thanzi ndi madiripi aperewera. Kuchuluka kwa odwala kumakuuzani zokonza madzi akumwa. Kuchuluka kwa imfa kumakuuzani zobweretsa chithandizo pafupi ndi mudzi.

Koma mapu amanamanso, ndipo bodza lake lalikulu ndi malo oyera. Dera likaoneka lopanda mtundu, wina amaganiza kuti kuli bata, chikhalirecho lipoti silinafike chifukwa netiweki inavuta, mtsinje unadzaza, kapena mlangizi wa zaumoyo anali kumaliro. N'chifukwa chake amakukakamizani kutumiza fomu ngakhale mulibe wodwala ndi mmodzi yemwe: ziro wolembedwa ndi uthenga, pamene bokosi losadzaza silinena kanthu. Munthu wodziwa ntchito asanayang'ane mitundu amayamba wafunsa kuti zipatala zingati zatumiza, nanga zingati pa nthawi yake.

Bodza lina ndi la chiwerengero chosagawa. Kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi miliyoni mu mzinda wa Lilongwe, pamene ku Likoma anapeza anthu osakwana 15,000. Odwala 50 ku Likoma ndi moto weniweni, koma pa mapu ongowerenga mitu chilumbacho chimaoneka chozizira.

Palinso nkhani ya nthawi. Kachirombo ka kolera kakalowa m'thupi, munthu amayamba kutsegula m'mimba pakangopita maola ochepa mpaka masiku asanu. Girafu yodikira lipoti la pamwezi imangofotokoza maliro amene anachitika kale. Choncho mukaona munthu wamkulu akutsegula zamadzimadzi ngati madzi otsukira mpunga, musadikire fomu ya sabata. Imbani foni tsiku lomwelo.

Ambiri amakonda kutchula John Snow, dokotala wa ku London amene pa mliri wa kolera mu 1854 anachotsetsa chogwirira cha mjigo wa pa Broad Street kuti anthu asiye kutungapo madzi. Chimene saonjezera n'chakuti mapu ake otchukawo anatuluka chogwiriracho chitachotsedwa kale. Chimene chinakhutiritsa akuluakulu a deralo chinali kuyenda kwake khomo ndi khomo kufunsa kumene omwalirawo ankatunga madzi.

Ntchito imeneyo ndi yanu ndi alangizi a zaumoyo. M'kaundula lembani mudzi wa wodwala, mfumu yake, kumene amatunga madzi, ndi tsiku limene anayamba kudwala, osati tsiku lofika kuchipatala lokha. Ndipo poti manambalawo ndi thukuta lanu, muli ndi ufulu wowaona: pemphani woyang'anira IDSR kuboma kuti azikutumizirani girafu ya chipatala chanu, ngakhale pa WhatsApp. Ikachedwa, tengani pepala lalikulu, mulembe masabata m'munsi ndi odwala m'mbali, muziika kadontho Lolemba lililonse. Madontho akakwera masabata awiri otsatizana, onani midzi imene odwalawo akuchokera, mupite kukaona chitsime chake.