Kodi ndi asodzi amene akuwononga nyanja?

FUNSO: Mwana wanga amagwira ntchito pa loji ina ku Mangochi. Atabwera kudzationa kuno anati asodzi ndiwo akumaliza Nyanja ya Malawi, ndipo pakanapanda alendo nsomba zikanatha kale. Bambo anga anali msodzi ku Salima, ndiye mawuwa anandipweteka. Kodi akunena zoona? Mayi wa ku Chawama, Lusaka.

YANKHO: Amayi, mwanayo sananame konse. Alipodi asodzi amene amakokolola kasawala, tiana ta chambo, ndi maneti a udzudzu, ndipo zimenezi nzoipa. Koma waona mbali imodzi.

Muuzeni za chilumba cha Mbenji, kwanu komweko ku Salima. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, a Mfumu Makanjira amatseka usodzi pachilumbacho nthawi ya dzinja, cha mu Disembala, n'kudzatsegula cha mu Epulo nsomba zitaswana. Mowa ndi juga nzoletsedwa, ndipo wophwanya lamulo amathamangitsidwa. Palibe mlendo amene anawaphunzitsa zimenezi. Paki ya ku Cape Maclear, yoteteza mbuna, tinsomba tokongola timene alendo amakonda kuonato, inadzakhazikitsidwa mu 1980, pomwe bungwe la UNESCO linaizindikira ngati malo ofunika padziko lonse mu 1984.

Chimene chimandiwawa ine ndi bango. Msodzi aliyense amadziwa kuti chambo chimakumba chisa pamchenga, make n'kufungatira ana m'kamwa, kenako tianato timakabisala m'bango ndi m'maudzu a m'mphepete. Tsono eni maloji ena amafuna mchenga woyera woti alendo aziothera dzuwa. Amadula bango lonse, amapalira gombe, n'kumanga mpanda mpaka m'madzi. Kasawala akabisala kuti? Dooko limene anthu ankakocheza mabwato ndi kuyanika usipa pathandala limatsekeka, asodzi n'kuunjikana pamalo ochepa otsalawo, kenako tiziti ndiwo owononga.

Ndalama za alendo sindikuzinyoza, zikudyetsa mabanja ambiri, lanu lomwe. Komabe mwera ukawomba mu Juni, woyendetsa boti la alendo amadalira nzeru za kwa asodzi kuti adziwe ngati n'kotheka kuwoloka.

Akadzabweranso musakangane naye. Ingomufunsani kuti madzi a m'zimbudzi za palojipo amapita kuti, bango la pagombe lawo lilipo kapena linadulidwa, komanso ngati chambo chimene amaphikira alendo mu Novembala ndi Disembala, nthawi imene boma limaletsa makoka, amadziwa kumene chachokera.