Kwa achemwali a ku Mpondasi ofuna udokotala koma asankhidwira BSc

Achemwali, funso lanu ndaliwerenga kawiri, loti MSCE mwakhoza bwino koma m'malo mwa MBBS (digiri ya udokotala) ku Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS) dzina lanu latulukira ku BSc, digiri ya sayansi, ku University of Malawi (UNIMA) ku Zomba, ndiye mukufunsa ngati za udokotala zathera pomwepa komanso kuti miyezi yodikira kutsegulira sukuluyi muzitani pakhomo. Ndaona ena akuuzani kuti mupeze buku la anatomy muziloweza mayina a mafupa, ine ndikuti ayi musayambire kumeneko, ndipo mundipirire ndilemba motalika chifukwa njira imeneyi ndinaidutsa ndipo pomwe anthu amagwera ndikupadziwa.

Choyamba mtima pansi, khomo silinatsekeke. KUHeS inayamba mu 2021 ataphatikiza College of Medicine ija inatsegulidwa mu 1991 ndi Kamuzu College of Nursing, ndipo ambiri amalowa MBBS kuchokera ku MSCE kudzera chaka cha foundation chomwe timangoti premed kenako zaka 5, koma pamakhalanso njira ya anthu amene ayamba kale digiri ya sayansi kwina n'kukhoza bwino. Zomwe akufuna amazilemba mu advert yawo, ndiye ikatuluka muziiwerenga nokha mzere ndi mzere osati kumvera za m'maluwa kwa anzanu. Chimene chidzakulankhulireni pamenepo ndi transcript yanu, malikisi a Chemistry, Biology, Physics ndi masamu kuyambira semesita yoyamba yeniyeniyo, ndiye chaka choyamba chimene ena amachitenga ngati chozolowerera malo kwa inu ndi mayeso olowera udokotala.

Ine kwathu ndi ku Malindi, ku Mangochi konkuno ngati inu, ndinachoka ndi mapointi abwino anthu a m'mudzi atayamba kale kunditchula adokotala, koma test yoyamba ya Chemistry ndinapeza 38. Sikuti sindimawerenga, ndimawerenga mpaka usiku, vuto linali loti ku sekondale ndinazolowera kuloweza notsi za aphunzitsi n'kukazibweza pa pepala mmene zinalili, pomwe uku lekichala amathamanga mutu wonse mu ola limodzi n'kutuluka, funso la pa test limabwera lomwe simunalionepo ndipo limafuna muwerengetsere. Tsiku loyamba mu labu ndimalikumbukira mpaka lero, anatipatsa burette, kachubu kagalasi kokhala ndi kampopi, kuti tipange titration, kudonthezera mankhwala mu flask mpaka mtundu usinthe, ine ndinali ndisanaigwirepo chibadwire chifukwa sukulu yomwe ndinachokera labu inali ya dzina chabe, dzanja likunjenjemera pa kampopi kaja, mnzanga akundinong'oneza kuti dontho limodzi limodzi, ine ndinatsegula kwambiri madzi a mu flask aja kungoti psuu pinki yense pomwe amafunika angosintha pang'ono chabe, ndinabwereza katatu anzanga atapita kale kukadya. Madzulo ake ndinalira ndithu. Chimene chinandidzutsa ndi mkulu wina wa chaka chachitatu amene anandikhazika pansi n'kundiuza kuti ndisiye kuwerenga Chemistry ngati nkhani, ndiziigwira ndi pensulo ndi kalikuleta tsiku lililonse.

Ndiye miyezi imeneyi mphamvu zanu zambiri ziikeni pa mole concept ndi masamu, chifukwa ndi pamene pamathyokera anthu ambiri ofuna udokotala, iwo amakonda Biology n'kumaganiza kuti masamu anatsazikana nawo ku Form 4. Mole imodzi ndi tinthu 6.022 x 10^23, izo aliyense amaloweza, koma kodi mungachoke pa magalamu kupita ku ma mole, kuchoka pa ma mole kupita ku concentration, n'kubwereranso osasokonezeka? Tengani chitsanzo cha dripi ija mumaiona itapachikidwa mu wodi pa chipatala cha boma pa Mangochi, normal saline, pa thumba amalemba 0.9%, kutanthauza magalamu 9 a mchere mu lita imodzi ya madzi, mole imodzi ya sodium chloride imalemera pafupifupi magalamu 58.5, mukagawa mupeza 0.154, ndiyo 154 mmol pa lita imene madokotala amaitchula akamakamba za sodium wa mu dripiyo. Mukuona eti, Chemistry ya chaka choyamba ndi yomweyo ili m'manja mwa namwino pa bedi la wodwala kolera. Chimodzimodzi ma logarithm, musawadumphe, pH ndi logarithm basi, kutsika kuchoka pa 7 kufika pa 6 ndiye kuti asidi wachuluka ka 10, n'chifukwa chake magazi a munthu amene amayenera kukhala pakati pa 7.35 ndi 7.45 akangotsika n'kufika 7.1 anthu amathamanga mu wodi ngakhale nambalayo ikuoneka ngati yangosuntha pang'ono. Bwerezaninso kusintha ma formula, ma indices, ma graph ndi trigonometry yoyambirira chifukwa Physics idzakufunsani zimenezo sabata yoyamba yomwe, ndipo zolowerani kulemba ma unit pa nambala iliyonse, milligram ndi microgram zimasiyana ka 1,000 ndipo pa mankhwala a mwana kusiyana kumeneko ndi moyo wa munthu.

Mabuku musadandaule kuti mulibe ndalama, pa intaneti pali a OpenStax aulere, a Chemistry, Biology ndi Physics a mulingo wa chaka choyamba, gulani bandulo kamodzi muwatsitse akhale mu foni muziwerenga opanda data, Khan Academy nayo imathandiza mutu ukakukanikani koma mavidiyo amadya bandulo ndiye muzisankha okhawo ovuta. Chinsinsi chake si kuonera ayi, ndi kutseka buku n'kuyesa mafunso a kumapeto kwa chaputala nokha pa pepala, mafunso 10 pa tsiku akukwana, ndipo ndi kutentha kwa kwathu kuno nthawi yabwino ndi m'mamawa dzuwa lisanakwere ntchito za pakhomo zisanayambe, masana mutu sugwira. Auzeni amayi mwaulemu kuti maola awiri amenewo ndi a sukulu, chifukwa mwana wamkazi akakhala pakhomo aliyense amamuona ngati alibe chochita, kutunga madzi iye, kumsika iye, kulera ana a achemwali ake iye.

Biology yokha ndikudziwa mumaikonda ndiye sindichulutsa, ingodziwani kuti imayambira mkati mwa selo, ma protein, ma enzyme, DNA ndi genetics, osati matenda ndi mankhwala monga mukuyembekezera, ena amakhumudwa nazo n'kutaya mtima. Koma inu muli ndi mwayi womwe mwana wa ku Area 47 ku Lilongwe alibe, mwakulira m'mbali mwa Shire ndi nyanja, likodzo mukulidziwa, mwaonapo ana akukodza magazi. Kawerengeni mmene kachilombo ka Schistosoma haematobium kamayendera, mazira kutuluka ndi mkodzo kulowa m'madzi, kukulira mu nkhono, kutulukamo n'kuboola khungu la mwana amene akusamba kapena mayi amene akuchapa pa dooko, mpaka mankhwala a praziquantel amene amagawa m'masukulu aja. Mukachimvetsa chimenecho mwaphunzira kawerengedwe ka life cycle iliyonse, ya malungo idzakhala yosavuta. Ndipo dziwani kuti ophunzira udokotala amabwera konkuno ku Mangochi kudzaphunzira za umoyo wa anthu m'midzi, zomwe inu mwakula mukuziona iwo amachita kukwerera basi.

China chimene palibe amene anandichenjeza ndi Chingerezi cholemba. Lipoti la labu limafuna mulembe zomwe munachita, zomwe munapeza ndi chifukwa chake zinatuluka choncho, m'mawu anuanu, ndipo malipoti amenewa pamodzi ndi ma test ndi ma assignment amalowa pa malikisi omaliza, ndiye munthu amene amadikira mayeso a kumapeto kuti adzadzipulumutse amakhala wataya kale gawo lalikulu. Kukopera lipoti la mnzanu musayerekeze, kumeneko ndi mlandu. Yambani pano, mukawerenga tsamba limodzi tsekani mulembe ndime imodzi yofotokoza ngati mukuuza mng'ono wanu.

Za ndalama musazisiye mpaka tsiku lonyamuka. Loni ya boma imadzera ku Higher Education Students' Loans and Grants Board ndipo imakhala ndi nthawi yake yofunsira, konzeranitu chitupa cha unzika ndi makalata onse amene akufuna, komanso khalani pansi ndi makolo kapena amalume mukambirane za malo ogona chifukwa si onse amapeza malo pa kampasi, ambiri amachita lendi ku Chikanda kufupi ndi kampasi ndipo kuyenda usiku kuchokera ku laibulale kwa mtsikana kumafuna anzanu odalirika oyenda nawo. Kalikuleta ya sayansi ikhale yanuyanu yomwe zala zanu zaizolowera, ndipo juzi yokhuthala musaiwale, ife a kunyanja June wa ku Zomba amatizunza.

Mukafika musadzibise. Khalani kutsogolo, funsani ngakhale mukuona ngati Chingerezi chanu chikumveka cha kumudzi, pezani anzanu awiri kapena atatu ofuna zomwe mukufuna inuyo muzikumana kuthetsa ma past paper, ndipo test yoyamba ikakuvutani pitani kwa lekichala sabata yomweyo ndi pepala lanu m'manja akuonetseni pomwe munaphonya, osadikira mpaka mutamva za sapu (mayeso obwereza mukalephera) kapena kuwidedwa (kuchotsedwa sukulu chifukwa cholephera). Ndikuuzeninso zoona kuti malo a MBBS ndi ochepa ndipo opikisana nawo ndi ambiri, mwina mudzayesa koyamba osatheka, pamenepo mudzaone kuti KUHeS ili ndi pharmacy, physiotherapy ndi medical laboratory science, ndiponso alipo amene anayamba ngati clinical officer kudzera ku Malawi College of Health Sciences kapena ku Malamulo n'kudzapitiriza pambuyo pake, koma malikisi a chaka choyamba musawanyozere.

Ndikusiyireni ka ntchito muyambe lero lomwe. Mwana wolemera makilogalamu 12 akufunika paracetamol 15 mg pa kilogalamu iliyonse, botolo la madzimadzi lalembedwa 120 mg mu 5 ml, amwe ma ml angati? Werengetserani pa pepala ndi ma unit onse, mujambule muike pansi apa ndione mmene mwayendera, tikatero ndikutumizirani mafunso a mole concept a sabata yoyamba.