Kindle kapena tabuleti? Yankho kwa achemwali a ku Matawale

Achemwali ena a ku Matawale, omwe amaphunzitsa ku sekondale kwinaku akuwonjezera maphunziro ku Chanco, atilembera imelo. Akuti maso ayamba kuwawa chifukwa chowerengera pa foni, magetsi akuthimathima, ndipo asonkhanitsa kandalama kokwanira chipangizo chimodzi basi. Mnzawo akuwalimbikitsa Kindle, chipangizo cha Amazon chowerengera mabuku basi, alamu awo akuti tabuleti. Zomwe amawerenga kwambiri ndi manotsi ndi mitu ya mabuku yomwe imabwera pa gulu la WhatsApp la kalasi, Baibulo m'mamawa, ndi mabuku a nthano akapeza mpata.

Achemwali, pa zomwe mwafotokozazi gulani tabuleti ya mainchesi 10 kapena 11. Kindle ndi chipangizo chabwino kwambiri, koma ntchito yomwe inu mukufuna kuipatsa si yake. Chomwe chikulamula pano ndi mtundu wa mafayilo anu, ndiye musanapite kokagula tsegulani foni yanu, muone mabuku 20 omwe mwawerenga posachedwa, muwerenge kuti angati akuthera ndi .pdf ndipo angati ndi .epub.

Kusiyana kwake ndi kotere. Buku la EPUB lilibe masamba okhazikika. Mukakulitsa zilembo, mawu amadzikonza okha kuti akwane pa sikirini iliyonse, ngakhale yaing'ono. PDF ndi tsamba lomwe linaumbidwa kale, kawirikawiri pa saizi ya A4, masentimita 21 m'lifupi ndi 29.7 m'litali, ndipo chipangizo chimangolichepetsa lonse kuti lilowe. Yesani izi kunyumba: tengani pepala la A4, mulipinde pakati kamodzi. Kukula komwe mwapezako ndi pafupifupi sikirini ya tabuleti ya mainchesi 11. Lipindeninso kachiwiri. Sikirini ya Kindle ya mainchesi 6 ndi yocheperapo pamenepo, pafupifupi masentimita 9 ndi 12. Tsamba la A4 likapanikizidwa pamenepa, zilembo za saizi 12 zimatsika n'kufika cha m'ma 5. Maso omwe mukufuna kuwapumitsa aja ndiye mwawawonjezera ntchito.

Mungafunse kuti bwanji osangokulitsa tsamba ndi zala monga pa foni. Zimatheka, koma sikirini ya Kindle, yomwe ndi ya mtundu wotchedwa E Ink, imajambula tsamba posuntha timadontho takuda ndi toyera mkati mwake, ndipo imachita zimenezi mochedwa. Mukakoka tsamba kumanzere kapena kumanja imaphethira, n'kusiya zithunzithunzi za mawu akale. Pa nthano ya EPUB simuzindikira n'komwe. Pa manotsi okhala ndi matebulo ndi zojambula, komwe mumabwerera m'mbuyo masamba khumi kukaona chithunzi, mutopa nayo sabata isanathe. Vuto limakula ndi ma PDF ojambulidwa ndi foni kapena makina a fotokope, omwe ndi ambiri m'magulu a kalasi. Njira yowadziwira ndi yosavuta: dinani pa liwu limodzi kwa kanthawi. Likapanda kusankhika, ndiye kuti tsambalo ndi chithunzi chabe, ndipo palibe pulogalamu ya pa Kindle yomwe ingalisandutse mawu oyenda bwino.

Pali nkhani ya Baibulo ndi WhatsApp. Kindle ndi Kobo, chipangizo china chofanana nayo, siziikidwa mapulogalamu a Android. Pulogalamu ya YouVersion, momwe anthu ambiri amawerengera Buku Lopatulika ndi Buku Loyera, simungaiike pamenepo. Fayilo yochokera pa WhatsApp imayenera kudutsa pa kompyuta ndi chingwe cha USB, kapena kutumizidwa kudzera pa Send to Kindle, njira ya Amazon yotumizira mafayilo, yomwe imafuna akaunti ya Amazon ndi intaneti. Pa tabuleti mumangodina, fayilo n'kutseguka.

Tsopano tabuleti yotani. Apa ndi pomwe anthu ambiri amataya ndalama, chifukwa amayang'ana kukula kwa sikirini osayang'ana kusalala kwake. Funsani manambala awa. Sikirini ikhale ya 1920 x 1200, komwe ndi kuchuluka kwa timadontho topanga chithunzi. Za 1280 x 800 pa mainchesi 10 zimaonetsa zilembo zing'onozing'ono ngati zamanomano, ndipo maso amavutika pozisiyanitsa. RAM, memori yomwe tabuleti imagwiritsa ntchito potsegula mafayilo, isachepere 4GB, chifukwa buku lojambulidwa la masamba mazana angapo limatha kukhala lolemera kwambiri, ndipo tabuleti ya 2GB imazizira kapena kutseka pulogalamu mukamatembenuza masamba. Malo osungira akhale 64GB, ndipo pakhale poika memori khadi. Potchajira pakhale pa USB-C kuti muzigwiritsa ntchito chingwe chimodzi ndi foni. Samsung Galaxy Tab A9+ ya mainchesi 11 imakwaniritsa zonsezi, ndipo batire yake ndi ya 7040 mAh. Musaisokoneze ndi Tab A9 yopanda chizindikiro cha +, ija ndi ya mainchesi 8.7 ndipo sikirini yake ndi yotsikirapo. Ma Lenovo Tab M10 alipo a mitundu ingapo, ena a sikirini yabwino ena ayi, choncho werengani pa katoni. Ya SIM khadi imadula kuposa ya Wi-Fi yokha. Ngati muli ndi foni yotha kugawa intaneti, ndalama imeneyo isungeni mugulire chikuto cholimba ndi galasi loteteza.

Mukaigula, ikani pulogalamu ya ReadEra kapena Librera powerengera, ndi Xodo ngati mumakonda kulemba mizere ndi ndemanga m'manotsi. Tsamba likachepa, igonekeni tabuletiyo chopingasa: mudzaona theka la tsamba, koma zilembo zidzakhala zazikulu kuposa za papepala lenileni. Za maso, tsitsani kuwala kufikira sikirini ifanane ndi pepala loyera lomwe lili pambali pake m'chipindamo, sankhani mtundu wa tsamba wachikasu pang'ono, ndipo musawerengere mumdima wa bii sikirini ikuwala yokha. Pakatha mphindi 20 zilizonse kwezani maso muyang'ane kutali kwa masekondi 20. Pano pa Zomba phiri lilipo loti muziliyang'ana. Ndikupemphaninso chinthu chimodzi: Facebook ndi TikTok musaziike pa tabuletiyi. Zitsale pa foni.

Magetsi ndi pomwe mnzanu uja akunena zoona. E Ink imadya moto pokhapokha potembenuza tsamba ndi poyatsa timagetsi ta m'mbali, n'chifukwa chake Kindle imatha masabata osatchaja, ndipo imawerengeka bwino pa dzuwa. Tabuleti imapirira maola 8 mpaka 10 owerenga, ndipo panja masana imaoneka ngati kalilole. Mungathe kuchepetsa vutoli. Tsitsiranitu mabuku, kenako zimitsani Wi-Fi ndi data powerenga. Power bank ya 10,000 mAh imapereka pafupifupi 6,000 zokha chifukwa moto wina umatayika posintha mphamvu, ndiye siingadzadze batire ya 7040 mAh kuchokera pansi. Ya 20,000 mAh ndiyo yoyenera. Magetsi a ESCOM akathima zulani chaja pakhoma, mudikire mphindi zingapo akabwera musanalumikizenso, chifukwa nthawi yobwerayo ndi pomwe machaja ambiri amapsa. M'nyengo yotentha ya Okutobala musaisiye pawindo kapena m'galimoto yotseka, kutentha kumafufumitsa batire.

Ngati mwawerenga mafayilo aja n'kupeza kuti ambiri ndi EPUB, kapena mtsogolo muno mudzafuna chipangizo cha nthano zokha, ine ndingasankhe Kobo Clara kusiyana ndi Kindle kwa munthu wokhala kuno. Zonse ziwiri, zikakhala za zaka zaposachedwa, zili ndi sikirini yosalala ya 300 ppi (timadontho 300 pa inchi iliyonse), koma Kobo imatsegula EPUB mwachindunji: mumailumikiza ku kompyuta, n'kukoperamo mabuku ngati pa flash. Kindle imafuna kuti EPUB isinthidwe kaye, kudzera pa Send to Kindle kapena pulogalamu yaulere ya Calibre. Kugula mabuku ku Amazon kumafuna khadi la kubanki lololedwa kulipira kunja, zomwe pa nthawi ino ya kusowa kwa ndalama zakunja si zapafupi, ndipo Airtel Money kapena Mpamba simungalipirire mwachindunji. Kuyambira February 2025 Amazon inachotsanso njira yotsitsira mabuku ogula pa kompyuta n'kuwasamutsa ndi chingwe, ndiye Wi-Fi ndi yofunika. Mabuku aulere ovomerezeka alipo ambiri: Project Gutenberg ili ndi oposa 70,000, OpenStax ili ndi mabuku a ku koleji a sayansi ndi masamu, ndipo African Storybook ili ndi tinthano ta ana m'zilankhulo zakuno. Zipangizo za E Ink zazikulu ngati Kindle Scribe ya mainchesi 10.2 kapena Boox zimatha PDF bwino, koma mtengo wake umaposa wa tabuleti yabwino.

Chomaliza ndi kugula chogwiritsidwa kale ntchito, pakuti zambiri zomwe zimapezeka mu Zomba muno ndi ku Limbe ndi zotero. Musapereke ndalama chisanayatsidwe. Wogulitsa afufute zonse inu mukuona, kenako muike akaunti yanu pomwepo. Tabuleti ya Android ikafunsa akaunti ya Google ya mwini wakale, kapena iPad ikafunsa Apple ID yake, isiyeni ngakhale atakulonjezani kuti aitsegula mawa. Kindle iyeseni kuilembetsa pa akaunti yanu ya Amazon pogwiritsa ntchito intaneti ya pa foni yanu. Yomwe inanenedwa kuti yabedwa imakana. Pa E Ink yang'anani mizere yowongoka kapena chigawo chosasintha mukatembenuza tsamba: galasi lamkati lasweka, ndipo kulisintha kumadula pafupifupi ngati kugula china. Igonekeni pa tebulo muone ngati msana wake watukuka, ndicho chizindikiro cha batire yofufuma. Ndipo mupite ndi fayilo yanu ya manotsi yolemera kuposa onse, muitsegule pa chipangizocho, mutembenuze masamba 30 mofulumira muone ngati chikupirira.