Mawu a Chingerezi musamawaloweze ali okhaokha

Mwafunsa kuti n'chifukwa chiyani mawu a Chingerezi amene mumaloweza amakuthawani mukafuna kulemba kapena kulankhula. Nthawi zambiri vuto silikhala mutu wanu ayi, koma kalembedwe ka m'kope: liwu la Chingerezi kumanzere, tanthauzo la Chichewa kumanja, basi. Tanthauzo mwalidziwa inde, koma simunadziwe mawu amene liwulo limayenda nawo.

Taonani mneni wathu uja woti kumva. Timamva phokoso, timamva kuwawa, timamva fungo, timamvanso zimene mphunzitsi wafotokoza. Chingerezi chimasiyanitsa zonsezi: hear, feel, smell, understand. Amene analemba m'kope kuti hear ndi kumva, tsiku lina adzauza dokotala kuti "I hear pain", dokotalayo n'kungomuyang'ana. N'chimodzimodzinso borrow ndi lend. Borrow ndi kubwereka, lend ndi kubwereketsa, ndiye "borrow me your pen" ndi kulakwitsa. Pamafunika "lend me".

Choncho liwu lililonse muzililemba pamodzi ndi anzake. Lembani make a decision, do homework, depend on, interested in. Mvula yamphamvu amati heavy rain, osati strong rain, chikhalirecho mphepo yamphamvu ndi strong wind. Musavutike kufunsa chifukwa chake, eni chilankhulo anangozolowera choncho. Discuss satsatana ndi about. Mawu ngati advice, information, furniture ndi luggage saikidwa s kumapeto ngakhale zinthuzo zichuluke bwanji.

Zonsezi dikishonale yabwino imanena, kungoti ambiri amawerenga mzere woyamba n'kutseka. Gwiritsani ntchito dikishonale yolembedwera ophunzira, monga Oxford Advanced Learner's Dictionary, imene A. S. Hornby anaitulutsa koyamba mu 1948. Chilembo U pambali pa dzina chimatanthauza kuti chinthucho sichiwerengedwa kuti chimodzi, ziwiri, zitatu, monga advice uja, C kuti chimawerengedwa. Werenganinso ziganizo zachitsanzo, chifukwa ndi mmene muli phindu lenileni. Ndipo mukapeza decide, tengeranitu decision ndi decisive, ndi banja limodzi. Ngati simukudziwa poyambira, mndandanda wa Oxford 3000 uli pa intaneti ndipo muli mawu ofunika kwambiri.

Pa tsiku mawu 5 mpaka 8 ndi okwanira. Hermann Ebbinghaus, katswiri wofufuza za kukumbukira, anaonetsa kale mu 1885 kuti zambiri zimene munthu waloweza zimaiwalika msanga, m'maola ndi masiku oyambirira, ndiye chinsinsi chagona pa nthawi yobwereza. Bwerezani mawa lake, kenako pakatha masiku 3, sabata imodzi, kenako mwezi. Dulani timakadi: kutsogolo lembani chiganizo chokhala ndi mpata, monga "She ___ me her book", kumbuyo yankho lake, lent. Yankhani kaye musanatembenuze. Kungoyang'ana kope kumanamiza, mumaona ngati mukudziwa pomwe mwangolizindikira liwulo ndi maso. Pulogalamu ya Anki imakusungirani masiku obwerezawa ngati mumakonda foni.

Powerenga, sankhani zimene mukumva kale pafupifupi zonse. Pa mawu 100 aliwonse, achilendo akhale ngati awiri okha. Pamenepo mutha kuganizira tanthauzo poona chiganizo chonse. Akachuluka, nkhaniyo yakukulirani, isiyeni kaye. Liwu lachilendo mulidule mzere ndi pensulo n'kupitiriza, ndipo mutsegule dikishonale pokhapokha likabweranso kachiwiri. Likalowa m'kope, lipangireni ziganizo ziwiri zanuzanu tsiku lomwelo, wina wodziwa akuchongereni.