Penti wa pakhoma ndi ndiwo zopanda nyama: kuyankha achemwali a ku Turffontein

Achemwali ena a ku Turffontein anditumizira imelo yaitali, ndiye ndingotapa mfundo zake. Iwo ndi amuna awo angolowa kumene m'fuleti ya lendi, chipinda chimodzi ndi pabalaza, makoma ake akuda ndi manja a anthu amene anatulukamo. Bambo akufuna penti woyera mbee kapena wotuwa, monga zilili kunyumba kwa abwana awo ku Bryanston. Mayi akufuna wobiriwira kapena wa olenji, akuti "kuti mlendo akalowa adziwe kuti muno mumakhala anthu amoyo". Kumapeto anaikako funso lina ngati lapambali: kukiliniki anauza bambowo kuti BP yakwera, achepetse nyama ndi mchere, banja lonse n'kusiya nyama, koma atopa kale ndi kabichi ndi soya pisesi. Kodi kuno ku Joni munthu wosadya nyama angadye chiyani chaka chonse?

Achemwali, musanayambe kukokana ndi alamu, tulutsani pepala la lizi muwerenge. Malandilodi ambiri amalemba kuti wochita lendi asapente popanda chilolezo, ena amati potuluka mubwezeretse mtundu umene munaupeza. Lamulo la lendi la dziko lino, Rental Housing Act ya 1999, limafuna kuti mwininyumba ndi wolowa ayendere nyumba limodzi polowa ndiponso potuluka, ndipo ndalama zokonzera zowonongeka zimadulidwa pa dipoziti. Khoma la olenji lopentedwa mwakabisira likhoza kukudyerani dipoziti, chifukwa kuphimba mtundu wowala kumafuna andakoti, penti woyamba wa pansi, kenako makoti awiri kapena atatu. Pemphani chilolezo pa WhatsApp, yankho lake mulisunge, ndipo jambulani makomawo mmene alili lero.

Akalola, imani pawindo la pabalaza masana muone kumene dzuwa lili. Johannesburg ili kummwera kwambiri kuposa Malawi, moti masana dzuwa limakhala chakumpoto chaka chonse. Kumudzi nyengo ina limadutsa paliwombo penipeni, kuno ayi. Mu Juni ndi Julayi limayenda chotsika, n'kulowa mpaka pakati pa chipinda cha windo loyang'ana kumpoto. Chipinda cha windo loyang'ana kummwera sichilawa dzuwa nyengo yonse yozizira, ndipo kuwala kolowamo kumakokera ku buluu. N'chifukwa chake otsatsa nyumba kuno amanyadira kulemba kuti north-facing.

Apa ndi pamene maganizo a alamu akuterereka. Penti wotuwa amakongola ku Bryanston chifukwa nyumba zija zili ndi magalasi akuluakulu, pansi pa matabwa, nyale pakona iliyonse ndi zotenthetsera. Yemweyo mukamupaka m'fuleti ya windo limodzi loyang'ana kummwera, pansi pali matailosi ozizira, mu Julayi mudzakhala ngati mwakhala pabenchi ya kuchipatala. Woyera mbee nayenso ali ndi vuto lake: amaonetsa chala chilichonse cha mwana ndi fumbi la mphepo ya Ogasiti, limene kummwera kwa tauni kuno limawonjezeka ndi milu ya mchenga wa m'migodi.

Komabe nanunso sindikupatsani makoma onse anayi. Mtundu wowala umaoneka wofatsa pakapepala ka m'sitolo, koma ukadzaza chipinda chaching'ono umakula. Makoma amaunikirana okhaokha, mpaka nkhope za anthu zimatengako mtunduwo, ndipo wobiriwira ndiye amachititsa munthu kuoneka wodwala. Ndikanakhala ine, makoma atatu ndikanapaka kirimu wokokera ku chikasu kapena mtundu wa mchenga, khoma limodzi lokha n'kulipatsa mtundu. Ngati windo layang'ana kumpoto, wobiriwira wanu uja aloweni, makamaka woderako, chifukwa dzuwa limamudzutsa. Ngati layang'ana kummwera, musiyeni. Tengani olenji wanu koma wokokera ku katondo, kapena chikasu chakupsa. Khoma limodzi kulibwezeretsa potuluka ndi ntchito ya Loweruka basi.

Amene amati mitundu yowala ndi yachimidzi akaone ntchito za gogo Esther Mahlangu a ku Mpumalanga, amene mu 1991 anapenta galimoto ya BMW ndi luso la Chindebele. Pamakoma awo buluu, chikasu, pinki ndi wobiriwira zimakhala pamodzi koma sizimenyana, chifukwa mtundu uliwonse wautchinga ndi mzere wakuda ndi woyera. Amayi athu kumudzi amadziwanso zimenezi potsutsuta nyumba: dothi lakuda m'munsi, loyera kapena lofiira pamwamba, malire ake owongoka. Kirimu uja, amene sali kutali ndi woyera wa alamu, ndiye adzagwira ntchito ya mzere woyerawo m'nyumba mwanu, choncho nonse awiri mwapambana pang'ono.

Musagule ndowa ya malita 20 musanayese. Plascon ndi Dulux amagulitsa timabotolo toyesera. Pakani pakatoni yaikulu, muiimike pakhomapo, muiyang'ane m'mawa, masana ndi usiku magetsi atayaka. Babu nayenso amasintha penti. Pabokosi pakalembedwa 6500K, kuwala kwake n'kwabuluu ndipo kirimu amaoneka wakuda ndi litsiro. 2700K kapena 3000K ndiye woyenera pabalaza. Lita imodzi imakwana masikweya mita pafupifupi 8 mpaka 10 pakoti imodzi, koma werengani pachitini. Penti wotchipa wa mtundu wa PVA amachoka mukamapukuta, ndiye kukhitchini ndi pamene ana amagwiragwira lolani kuwonjezera ndalama mugule wotsukika. Pakona pakakhala chuku, tsukani kaye ndi madzi a Jik, paume, kenako penti. Hita ya parafini kapena ya gasi imatulutsa chinyezi, ndipo mawindo akamakhala otseka nyengo yonse yozizira chuku chimabweranso ngakhale pa penti wodula.

Landilodi akakana, musadandaule kwambiri, pakuti mtundu wambiri wa m'nyumba umachokera ku nsalu, ndipo nsalu mumasamuka nayo. Sankhani chitenje chimodzi chimene mumachikonda, mutengepo mitundu iwiri yokha, ndiyo ibwerezedwe pa makushoni, nsalu ya patebulo ndi m'mphepete mwa makatani. Ku Oriental Plaza ku Fordsburg kuli nsalu zamakatani zosawerengeka ndi osoka omwe. Shweshwe, nsalu ya kuno yofanana ndi chitenje, amabwera wouma ndi sitachi, muchapeni musanadule chifukwa amafupikako. Chinthu chimodzi musaiwale: tili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 ndipo dzuwa la kuno limasukulutsa nsalu msanga, makamaka zofiira. Katani ya chitenje pawindo la kumpoto ikhale ndi layiningi, yomwenso imathandiza kutchinga kuzizira usiku. Za maluwa apulasitiki ndi tinsalu toluka ta pamipando sindinenapo kanthu. Amayi anga amawerenga tsamba lino.

Tsopano kumphika. Kabichi wakutopetsani chifukwa mukugula ndiwo ngati chaka chili ndi nyengo imodzi. Kuno mvula imayamba cha mu Okutobala mpaka Malichi kapena Epulo, kenako chisanu chimapsereza masamba onse anthete. Nkhwani, bonongwe, luni, chitambe, therere ndi denje ndi za nyengo yamvula. M'masitolo akuluakulu simudzazipeza kawirikawiri. Pitani kumsika wa ku Yeoville kapena kwa amayi ogulitsa pafupi ndi maranki a mateksi m'tauni. Funsani morogo kapena imifino, ndiwo mayina a ndiwo zamasamba kuno; bonongwe amamuti thepe kapena imbuya, denje amamuti delele. Tomato, anyezi, mbatatesi ndi maungu, sonkheranani ndi anansi mukagule matumba ku Joburg Market ku City Deep m'mamawa. Dziwaninso kuti masamba, zipatso, nyemba zouma, mazira ndi ufa wachimanga boma silikhometsapo VAT, choncho kusiya nyama kuyenera kuonekera m'thumba.

Chisoso ndi bonongwe zimamera zokha paliponse mvula ikagwa, koma musathyole m'mphepete mwa msewu kapena pafupi ndi milu ya m'migodi. Dothi la pamenepo lili ndi zitsulo zapoizoni. Fesani m'ndowa yobowola pakhonde. Bowa wa kutchire ndiye musayerekeze n'komwe. Bowa wambiri amene timamudziwa amamera pansi pa mitengo ya tsamba ndi mombo kumudzi. Kuno pansi pa mitengo ya oak ndi paini pamamera bowa wakupha wooneka wosalakwa, amene amawononga chiwindi munthu akuganiza kuti wachira. Gulani wa m'sitolo, mumukazinge pamoto waukulu osamuvundikira kuti madzi aphwe, mudzamva fungo limene alamu akulisowa m'nyama.

Chida chanu chachikulu ndi nsinjiro. Sadzulani nkhwani, duladulani, ikani m'madzi ochepa owira pamodzi ndi tomato, akafewa thirani nsinjiro pamwamba, vundikirani kamphindi osatakasa, kenako takasani mpaka zigwirane. Mtedza wauwisi mukagula kwa amwenye ku Fordsburg kapena Mayfair mukhoza kupera nokha ndi blenda. Mukasowa, chiponde cha m'botolo chimagwira ntchito, bola chikhale cholembedwa kuti chilibe shuga ndi mchere, ndipo muchisungunule kaye ndi madzi otentha. Kutendera kumayenda ndi mpiru, repu, sipinachi wa kuno wa masamba aakulu uja, ngakhale kabichi amene.

Pa BP pali msampha umene mabanja ambiri osiya nyama amagweramo. Nyama ikachoka, dzanja limathamangira ku makiyubu a supu, Aromat ndi kapaketi ka zokometsera ka mu soya pisesi, ndipo zonsezi n'zodzaza mchere. Soda wa mu therere nayenso ali ndi sodium, chinthu chomwecho chimene chimakweza BP mumchere, komanso amapha mavitamini ena m'masamba. Bungwe la WHO limati munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 a mchere patsiku, pafupifupi sipuni yaing'ono ya tiyi, kuwerengera ndi wa mu buledi momwe. Kukoma kufuneni kwina: anyezi wokazinga mpaka afiire, adyo, jinja, binzali, kambuzi, ndi madzi a ndimu pomaliza. Ndipo ngati alamu anapatsidwa mapiritsi, masamba asalowe m'malo mwa mapiritsiwo.

Malichi mpaka Meyi ndi nyengo yokoma: maungu, butternut, mbatata, mapeyala a ku Limpopo, ndi nzama zimene kuno amazitcha jugo beans. Futali wa mbatata m'mawa amasunga munthu mpaka masana. Iyi ndiyonso nthawi yofutsa. Gulani nkhwani ndi chitambe zambiri zisanathe, wiritsani pang'ono, finyani, yanikani palichero kapena pathireyi mutavundikira ndi kansalu kopyapyala chifukwa cha fumbi. Mpweya wa kuno mvula ikatha ndi wouma kwambiri, mfutso sachedwa.

Juni mpaka Ogasiti ndi ufumu wa kabichi, repu, mpiru, sipinachi, karoti, nsawawa, cauliflower ndi beetroot, ndipo malalanje ndi manachesi amatsika mtengo. Kabichi wanu akutopetsa chifukwa mwina mukumuphika mpaka afe. Muduleni mopyapyala, poto atenthe kwambiri, mphindi zisanu zakwana. Butternut muduleni zibenthu, pakani mafuta ndi tsabola, muotche mu uvuni mpaka m'mbali mupserere pang'ono. Uvuniyo itenthetsanso nyumba. Ino ndi nyengo ya nyemba. Ziviikeni usiku kuti zisamalize mayunitsi, zikawira bwinobwino kwa theka la ola kulungani poto m'bulangete lochindikala zimalizike zokha. Nandolo wosenda amapezeka m'masitolo a amwenye pa dzina la toor dal, ndipo ma lentils ofiira amapsa m'mphindi 20 osaviika, abwino tsiku lofika mochedwa kuntchito. Samp (chimanga chokonola) ndi nyemba ya anzathu a kuno muiphunzire, imakhutitsa.

Seputembala ndi kumayambiriro kwa Okutobala ndiye povuta. Kwayamba kutentha, masamba a nyengo yozizira akukalamba n'kuchita maluwa, a mvula sanamere. Apa ndi pamene mfutso wanu uja amatuluka m'botolo, wotendera, pambali nyemba kapena khobwe.

Pali ziwiri za thupi zoti muzisamale, makamaka inu mayi ndi ana. Ayironi wa m'nyemba ndi masamba amalowa bwino m'thupi mukadyera pamodzi ndi tomato, ndimu kapena lalanje, pomwe tiyi womwera pachakudya amamutchinga, choncho tiyi adikire kaye ola. Vitamini B12 ndiye sapezeka m'masamba kapena nyemba. Amachokera ku mazira, mkaka, chambiko chimene kuno amati amasi, nsomba ndi nyama. Malinga ndi kalata yanu, akukiliniki anati achepetse nyama, sanati asiye zonse, ndiye mazira ndi chambiko zisachoke pakhomo. Mukafuna kusiya ngakhale zimenezo, kauzeni anamwino akulangizeni za mapiritsi a B12, makamaka ngati muli oyembekezera kapena mukuyamwitsa.