Musanasamutse manambala anu, dziwani kaye kumene akukhala

Mmodzi wa inu wanditumizira imelo. Ali ndi pulogalamu ya Python yokhala ndi manambala osasintha pafupifupi 1 miliyoni, onse olembedwa m'fayilo ya .py. Pulogalamuyo ikuchedwa kuyamba, RAM (malo amene kompyuta imasungamo zinthu pogwira ntchito) ikudyeka, ndiye akufunsa ngati angachite bwino kumawatenga manambalawo pokhapokha akafunika. Funso limeneli landigunda pachilonda, chifukwa maganizo omwewa anandidyera masabata awiri.

Ine zinandichitikira pa Arduino Uno, kabodi kakang'ono ka kompyuta kopangira zipangizo. Kabodi kameneka kamayendera chip ya ATmega328P, yomwe ili ndi flash (mosungira pulogalamu) ya 32 KB koma RAM ya 2 KB yokha, ma byte 2,048 basi. Ndinkapanga kachipangizo kotumiza miyezo ya kutentha pa waya, ndipo kuti wolandira azidziwa ngati uthenga waonongeka panjira, ndinaikamo CRC-32, nambala yowerengedwa kuchokera mu uthengawo imene wolandira amaifananitsa ndi yake. Njira yachangu yowerengera CRC-32 imafuna tebulo la manambala 256, iliyonse ya ma byte 4. Onse pamodzi ndi ma byte 1,024, theka la RAM yonse. Ndinalemba const patsogolo pa tebulolo mtima uli m'malo, poganiza kuti chinthu chosasintha chikhala phee mu flash.

Kachipangizoko kankagwira bwino kwa mphindi zingapo, kenako pa serial monitor, poonera pa kompyuta zimene bodi ikutumiza, pankatuluka zilembo zopanda mutu, n'kuyambiranso kokha ngati wina wadina reset. Ndinasintha mawaya, ndinasintha batire, ndinagula bodi ina. Chimodzimodzi. Chimene sindinkadziwa n'chakuti pa chip imeneyi flash ndi RAM zili ndi maadiresi osiyana, ndiye avr-gcc, compiler yosandutsa code kukhala malangizo a chip, imakopera ngakhale zinthu za const kupita mu RAM main(), poyambira pulogalamu, isanayambe n'komwe. Malo otsala anali ochepa kwambiri, moti stack, mbali ya RAM yosunga zinthu zakanthawi, ikamakula inkaponda ma variable anga.

Nditazindikira kuti RAM yathina, ndinaganiza monga mmene mukuganizira inuyo: ndichotse tebulolo, ndiliike pa SD card, ndizitenga nambala ikafunika. Ndinazilemba, ndinakondwa nazo. Koma library ya SD, code yowerengera khadi, imadzisungira malo (buffer) a ma byte 512 mu RAM, chifukwa khadi imawerengedwa m'zigawo za kukula kumeneko. Theka la zimene ndinapulumutsa linabwerera pomwepo, pulogalamu inayamba kukwawa, ndipo tsiku lina khadi itagwedera pang'ono, uthenga wonse unaima. Mankhwala enieni anali liwu limodzi, PROGMEM, limene limauza compiler kuti tebulo lisachoke mu flash, ndi pgm_read_dword() yotengera nambala imodziimodzi kumeneko. Mawu a Serial.print ndinawakulunga mu F() kuti nawonso akhale mu flash, RAM inapuma.

Kuyambira pamenepo ndili ndi maganizo olimba pa nkhaniyi, ndipo sindiwabisa. Kutenga chinthu chikafunika sikuchepetsa kukula kwake, n'kungochedwetsa tsiku lolipira ngongole. Ngati pulogalamu yanu imafika pogwiritsa ntchito manambala onse, RAM idzadzaza chimodzimodzi, kungoti idzadzaza pakati pa ntchito, wogwiritsa ntchito atayamba kale kudalira. Fayilo ikasowa, m'malo modziwa poyambirira mudzadziwa patapita maola atatu. Ma thread awiri, mbali za pulogalamu zoyenda limodzi, akafuna tebulolo nthawi imodzi, muli ndi mlandu wina umene munalibe dzulo. Njirayi imapindula pokhapokha ngati mbali yaikulu ya manambalawo sikhudzidwa nthawi zambiri, ndipo zimenezo muyenera kuziyeza, osati kuziganizira.

Chinanso chimene chimandiwawa n'kuona anthu olemba C pa Linux akuvutika kulemba okha zotengera tebulo pang'onopang'ono. Tebulo la const limapita mu .rodata, gawo la fayilo ya pulogalamu losunga zinthu zosasintha, ndipo kernel, mtima wa Linux, imalibweretsa mu RAM m'mapeji, kawirikawiri a 4 KB, pokhapokha pulogalamu ikakhudza peji imeneyo. RAM ikathina, kernel imataya mapejiwo popanda kuwalemba kwina, poti ali kale pa disk. Ntchito imene mukufuna kulemba inalembedwa kalekale ndi anthu ena, ndipo inayesedwa kuposa mmene inu ndi ine tingayesere. A Java ali ndi vuto lawo: array yaikulu yolembedwa mu code imasanduka malangizo odzaza nambala imodziimodzi, ndipo method ikapitirira ma byte 65,535 compiler imakana, imati code too large.

Komanso tebulo likamasamutsidwa ndi pamene limaonongeka mosaoneka. Mu 1994 katswiri wa masamu Thomas Nicely anapeza kuti chip ya Pentium ya Intel imalakwitsa masamu ena ogawa. Gwero lake linali manambala 5 osoweka m'tebulo la malo 1,066, ndipo kubweza ma chip kunadyera kampaniyo madola 475 miliyoni. Nambala yolakwika m'tebulo siikuwa, imangopereka yankho looneka ngati labwino. Choncho ine ndikasamutsa tebulo lililonse, ndimafananitsa lakale ndi latsopano nambala ndi nambala ndisanafufute kanthu.

Tsono za Python yanu

Vuto lanu lalikulu si nthawi yotengera manambala, ndi mmene asungidwira. Mu CPython (Python imene ambiri timagwiritsa ntchito) ya 64-bit, float (nambala ya desimali) iliyonse ndi object ya ma byte 24, ndipo list imawonjezera ma byte 8 oilozera. Manambala 1 miliyoni akudya pafupifupi 32 MB, ndipo onse amamangidwa pa import. Omwewo mu NumPy, library ya Python ya masamu, ngati float64 ndi 8 MB, kapena 4 MB ngati float32, bola manambala anu asafune kulondola kopitirira madijiti 7.

Yambani ndi tracemalloc, chida cha Python choyezera zimene zikudya RAM, kuti muone ngati olakwa ndi manambalawa. Akakhala iwo, asungeni kamodzi ndi numpy.save, muziwatsegula ndi numpy.load mutaika mmap_mode="r", kernel izibweretsa mapeji okhawo amene mwakhudza. Ngati mukufuna kuti dzina lakale la tebulo lizigwirabe ntchito m'mafayilo ena, kuyambira Python 3.7 module ikhoza kukhala ndi function yake ya __getattr__ yotsegula fayiloyo dzinalo likaitanidwa koyamba. Pulogalamu ikamayamba izionabe ngati fayilo ya .npy ilipo ndiponso ngati kukula kwake n'koyenera.