Anasankha mnzanga, ine anandisiya

FUNSO: Abusa, ndine mnyamata wa zaka 29. Kwa zaka 6 ndakhala ndikutsogolera achinyamata kumpingo kwathu, ndipo abusa athu akachokapo amene amalalikira ndine. Chaka chino panali malo amodzi otumiza munthu kusukulu ya ubusa. Aliyense ankati ndipita ndine, koma akulu a mpingo anasankha mnzanga amene ndinachita kumuphunzitsa ndekha kutsogolera mapemphero. Anzanga akuti ndituluke ndikayambe utumiki wanga, poti mayitanidwe amachokera kwa Mulungu osati ku komiti. Amayi anga akuti ndigonjere chifuniro cha Mulungu. Kodi zimene akulu a mpingo agamula ndiye chifuniro cha Mulungu? Ndikamuona mnzangayo ataima kutsogolo mtima umandiwawa, ndipo kupemphera kukundikanika. Ndine Wosweka Mtima.

YANKHO: M'bale wanga, zikomo kuti simunabise zoti mtima ukuwawa. Ambiri akandilembera nkhani yotere amangondandalika zolakwa za akulu, za mumtima mwawo osatchulako.

Akulu a mpingo si Mulungu, ndipo amaphonya. Ngakhale mneneri Samueli ataona Eliyabu, mwana woyamba wa Jese, anaganiza kuti wapeza mfumu, mpaka Mulungu anachita kumuletsa (1 Samueli 16:6-7). Choncho muli ndi ufulu wofunsa. Pitani kwa abusa anu panokha, muwafunse chimene akulu anaona mwa mnzanuyo ndi chimene akuona kuti chikuperewera mwa inu. Mukamvetsere mpaka amalize, osawadula pakamwa. Ngati panalowa tsankho kapena chibale, nenani mwaulemu m'njira zimene mpingo wanu unaika. Kugonjera Mulungu sikutanthauza kuvomereza zokhota.

Koma tinene kuti sanakondere, anangosankha wina. Pamenepo ndikufuna mudziwane ndi munthu wina amene alaliki sitimutchula kawirikawiri. Ali pa Machitidwe 1:15-26. Yudasi atafa, okhulupirira pafupifupi 120 anasonkhana ku Yerusalemu kuti apeze wolowa m'malo mwake. Petro anaika muyeso wovuta: akhale munthu amene anayenda nawo kuyambira pa ubatizo wa Yohane kufikira tsiku limene Yesu anatengedwa kupita kumwamba. Anaimika anthu awiri, Matiya ndi Yosefe wotchedwa Barsaba, amene ankatchedwanso Yusto. Anapemphera, anachita maere, ndipo maere anagwera Matiya.

Taganizani za Yosefeyu. Anayenda ndi Ambuye nthawi yonseyo. Yesu posankha atumwi khumi ndi awiri aja dzina lake silinatchulidwe, koma sanabwerere kwawo. Malo atapezeka, anafika pakhomo penipeni, n'kusiyidwanso, anthu 120 akuona. Baibulo silinena kuti anali ndi tchimo lobisika kapena kuti Matiya ankamuposa. Anali woyenera, koma sanasankhidwe. Ndimakhumba mnyamata aliyense wotumikira atadziwa msanga kuti zimenezi zimachitikira anthu okhulupirika ndithu. Ndipo onani ichi: Matiya amene anapeza udindo uja, dzina lake silimvekanso m'Chipangano Chatsopano chonse. Amene timawerenga ntchito zawo m'machaputala otsatira ndi anthu ngati Stefano ndi Filipo, awiri mwa amuna 7 amene anapatsidwa ntchito yoyang'anira chakudya cha akazi amasiye. Stefano anachitira umboni mpaka kuponyedwa miyala, Filipo anakalalikira ku Samariya. Sanadikire mpando wa utumwi.

Inenso zinandionekera ndili wamsinkhu ngati wanuwo. Nditasiyidwa pa udindo umene ndinkauyembekezera, sindinakangane ndi munthu. Ndinangosiya kulawirira. Kale ndinkafika kutchalitchi anthu asanabwere, kutsekula mawindo ndi kuyala mabenchi. Tsopano ndinkalowa nyimbo yoyamba itayamba kale n'kukhala kumbuyo. Patatha masabata angapo, mkulu wina wachikulire, wosalankhulalankhula, anandipeza panja n'kundifunsa motsitsa mawu kuti, "Mwana wanga, mabenchi aja unkayalira ndani?" Ndinasowa choyankha. Lachinayi lotsatira ananditenga kukaona bambo wina amene anafa ziwalo mbali imodzi. Ndinkayesa tikukapemphera basi. Titafika, mkuluyo anapinda malaya m'mikono, anapempha madzi ofunda m'beseni, anam'meta wodwalayo ndevu pang'onopang'ono atam'gwira chibwano, anamuwenga zikhadabo, kenaka anawerenga Salimo 23. Wodwalayo milomo inkangogwedera, kutsatira mawu amene sankathanso kuwatchula. Mkazi wake anandinong'oneza kuti mkuluyo wakhala akubwera Lachinayi lililonse kwa zaka zambiri. Ine amene ndinkadziyesa wodziwa zonse za mumpingo ndinali ndisanamvepo. Pobwerera sitinalankhulane, koma ndinazindikira kuti ntchito ya Mulungu ndinkaikondadi, kungoti ndinkakondanso kuti anthu azindiona ndikuigwira.

Sindikunena kuti inunso muli choncho, mtima wanu sindikuuona. Koma funso la mkulu uja ndikukupatsirani. Achinyamata amene mwawasamala zaka 6 alipobe. Palibe wakulandani Baibulo, palibe wakuletsani kuyendera odwala. Chimene sanakupatseni ndi malo a sukulu a chaka chino.

Za kupemphera kokanika, ndikuganiza kuti mukuyesa kuuza Mulungu mawu aulemu pamene mumtima muli zina. Ku Getsemane Yesu anauza ophunzira ake kuti moyo wake unali wozingidwa ndi chisoni chofa nacho, ndipo anapempha katatu konse za chikho chija (Mateyu 26:36-46). Anayamba wanena chimene ankafuna, kenaka n'kuchipereka m'manja mwa Atate. Amayi anu akunena zoona, koma kugonja kwenikweni kumadzera njira imeneyi. Gwadani munene kuti, "Ambuye, ndinkafuna kupita ndine, ndipo ndikumuchitira nsanje mnzanga." Limenelo ndi pemphero kale.

Anzanu aja akulondola kuti woyitana ndi Mulungu. Koma ndani anayitanidwa momveka kuposa Paulo panjira ya ku Damasiko? Komabe panapita zaka 3 asanakaonane ndi Petro (Agalatiya 1:18), kenaka abale anam'tumiza kwawo ku Tariso, ndipo anakhala kumeneko mpaka Barnaba anachita kukam'funafuna. Anaphunzitsa chaka chathunthu ku Antiokeya, ndipo pamene Mzimu anati apatulidwe, mpingo ndi umene unasala kudya, kupemphera ndi kuwasanjika manja (Machitidwe 13:1-3). Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndikukupemphani ndi mtima wonse, musayambe mpingo bala lisanapole. Amene angakutsatireni ndi achinyamata omwewo amene mpingo unakusungitsani, ena adzasiyana ndi makolo awo chifukwa cha inu, ndipo maulaliki anu oyamba adzakhala oyankha akulu aja m'malo molalikira Khristu. Ndaziona kangapo, ndipo zimandimvetsa chisoni.

Davide anafunitsitsa kumangira Mulungu kachisi, koma anauzidwa kuti adzamanga ndi mwana wake Solomo. Mulungu sananyoze chikhumbo chakecho, anamuuza kuti anachita bwino kukhala nacho mumtima (1 Mafumu 8:18). Ndiye Davide anatani? Pa 1 Mbiri 22 timamuona akulemba amisiri osema miyala, akusonkhanitsa chitsulo cha misomali, mkuwa ndi mitengo ya mkungudza, kukonzera nyumba imene sadzailowa.

Inu mnzanuyo mwamuphunzitsa nokha, ndiye mukudziwa pamene amafooka kuposa mmene akulu akudziwira. Asananyamuke, mupiteko. Mufunseni chimene akuopa, mubwerekeni mabuku anu amene mukudziwa kuti akamuthandiza, ndipo mupempherere limodzi ngakhale mawu atuluke movutikira. Lamulungu likudzali mulawirire monga munkachitira kale. Pakatha miyezi itatu mundilemberenso, mundiuze zimene abusa anu anayankha ndi mmene mtima ukumvera mukamamuona mnzanuyo.